Ophunzira akuloweza ziwalo za selo koma selolo sakulimvetsa: tiyambire pati?

Kachere_Bio
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru pa kosi ya cell biology ya ku yunivesite. Wophunzira amajambula selo bwinobwino, nyukiliyasi, Golgi, ER (endoplasmic reticulum), mitochondria, chilichonse pamalo pake. Koma mukamufunsa kuti puloteni yopangidwa pa ER ikalephera kupindika bwino imathera kuti, amangoti kakasi. Kosi ndi ya masabata 13, maola awiri m'kalasi ndi maola atatu mu labu pa sabata, ophunzira oposa 100, ndipo maikulosikopu alipo ndi a kuwala wamba okha. Mungayambire pati? Nanga mu labu mungaike chiyani chomwe chimathekadi?

Mlozo_nm
Yambani ndi kukula kwa zinthu, sabata yoyamba yonse. Chithunzi cha m'buku chimasocheretsa: membrane ndi mzere wonenepa, ribosome ndi kadontho kooneka, pakati pali mpata wopanda kanthu. Apatseni manambala. E. coli ndi pafupifupi 2 µm m'litali. Selo lofiira la magazi ndi 7 mpaka 8 µm. Maselo ambiri a nyama ali pakati pa 10 ndi 30 µm. Ribosome ndi 20 mpaka 30 nm, microtubule 25 nm, ulusi wa actin 7 nm, membrane pafupifupi 5 nm basi. Kenako afunseni: selo la 20 µm tikalijambula pa bolodi kukula mita imodzi, membrane ikhala yonenepa bwanji? Talikulitsa maulendo 50,000, ndiye membrane ndi 0.25 mm. Choko sichingalembe mzere wowonda chonchi.

Mukatero onjezani diffusion. Nthawi yoti molekyulu iyende mtunda x ndi pafupifupi x² kugawa ndi 2D, pomwe D ndi diffusion coefficient, muyeso wa kufulumira kwa kufalikira kwake. Kwa puloteni mu cytoplasm tengani D ya 10 µm² pa sekondi. Kudutsa 10 µm ndi masekondi 5. Milimita imodzi ndi maola pafupifupi 14. Mita imodzi, utali wa axon yochoka kumsana kukafika kuphazi, ndi zaka zoposa 1,500. Wophunzira akaziwerengera yekha zimenezi safunsanso chifukwa chake maselo ndi aang'ono, kapena chifukwa chake pali kinesin yoyenda pa microtubule masitepe a 8 nm, sitepe iliyonse ATP imodzi.

Nsanjika
Sindikugwirizana nazo kwenikweni. Masamu pa tsiku loyamba amagwetsa ulesi ambiri. Aone kaye selo ndi maso awo, manambala abwere pambuyo.

Mlozo_nm
Masamu ake ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi, a Nsanjika. Amene akuvutika apa adzavutikanso pa equation ya Nernst, yowerengera mavoti a pa membrane, sabata yachinayi. Kuli bwino tiwadziwiretu msanga kuti tiwathandize.

Lenzi100
Zonse ziwirizi zimakumana mu labu yoyamba. Musawapatse silaidi kuti "aone" chabe, ayeze. Stage micrometer yambiri ili ndi milimita imodzi yogawidwa mizere 100, mpata uliwonse 10 µm. Aigwiritse ntchito poyeza graticule, kamuyeso ka mizere ka mu eyepiece, pa 10x ndi pa 40x, padera padera, chifukwa cholakwika chofala ndi kuyeza pa 10x kenako kugwiritsa ntchito nambala yomweyo pa 40x. Ngati micrometer palibe, onani nambala yolembedwa pa eyepiece. Ikakhala 18, m'lifupi mwa malo ooneka pa 40x ndi 18 kugawa ndi 40, kutanthauza 0.45 mm. Awerenge maselo a khungu la anyezi odutsa pakati, agawe, apeza kukula kwa selo limodzi.

Tsiku lomwelo aphunzire kusiyana kwa kukulitsa ndi kulekanitsa. Mtunda waung'ono umene lenzi ingalekanitse ndi 0.61 kuchulukitsa ndi wavelength kugawa ndi NA (numerical aperture, nambala yolembedwa pa lenzi). Kuwala kwa 550 nm ndi NA ya 1.25 kumapereka pafupifupi 270 nm. Ndiye wophunzira akajambula ribosome kapena cristae n'kunena kuti waziona pa maikulosikopu yake, mumufunse modekha kuti wazionera pati.

Tekinishani_wa_Labu
Ndipo chonde muwauze mobwerezabwereza: mafuta a pa silaidi (immersion oil) ndi a lenzi ya 100x yokha. Akathira mafuta n'kubwerera ku 40x, lenziyo imamwa mafuta ndipo gulu lotsatira limaona chifunga chokhachokha. Cover slip ikhale ya 0.17 mm, ndiyo imene malenzi ambiri anapangidwira. Silaidi ikatembenuzika, cover slip pansi, 40x singafike pa focus ngakhale mutazungulitsa motani.

Mizu_ya_Anyezi
Pa mitosis, njira imene imatuluka bwino ndi iyi. Khazikani anyezi pakamwa pa botolo la madzi, matako ake akhudze madzi, masiku 3 mpaka 5 mpaka mizu ifike masentimita awiri. Sinthani madzi tsiku lililonse. Dulani mizu, iviikeni mu ethanol magawo atatu ndi glacial acetic acid gawo limodzi usiku wonse, kenako isungeni mu 70% ethanol mu firiji. Ikatero imakhala miyezi, ndiye simudalira kuti mizu imere sabata ya labu.

Tsiku la labu: muzu mu 1 M HCl wa madigiri 60 kwa mphindi 5, tsukani ndi madzi ozizira, ikani pa silaidi, dulani nsonga ya milimita imodzi kapena ziwiri, chotsalacho tayani. Thirani dontho la toluidine blue wa 0.05% kwa mphindi 2, kapena aceto-orcein kwa mphindi 5 mpaka 10. Vundikirani cover slip, ikani pepala pamwamba, sindikizani ndi chala chachikulu molunjika pansi.

Zimalakwika motere. Asidi akachepa nthawi, maselo salekana ndipo mumaona mulu wakuda. Akapitirira, muzu umasungunuka ndipo ma chromosome salandira utoto. Cover slip ikatsetsereka cham'mbali maselo amapiringizika. Choipa kuposa zonse ndi kutaya nsonga n'kusunga mbali inayo: mukaona maselo ataliatali okhala ndi nyukiliyasi yaing'ono, dziwani kuti meristem, nsonga imene maselo amagawikira, ili m'bini. Maselo a meristem ndi aang'ono, a makona anayi, nyukiliyasi yodzaza.

Nsanjika
Toluidine blue ndi wabwino kwa gulu lalikulu. Aceto-orcein ali mu 45% acetic acid, fungo lake m'chipinda cha anthu 50 silipiririka ndipo amawotcha khungu.

Kachere_Bio
Zikomo a Mizu_ya_Anyezi. Koma nkhawa yanga ndi yomwe ija: akaona anaphase, ajambula, basi. Kumvetsa kuli pati?

Mizu_ya_Anyezi
Kuli m'kuwerenga. Awiriawiri awerenge maselo osachepera 200, kulemba aliyense pa gawo lake, kalasi yonse iphatikize pa bolodi. Chiwerengero cha maselo pa gawo lililonse chimafanana ndi nthawi imene selo limakhala pa gawolo. Afunseni okha kuti mfundo imeneyi imadalira chiyani, mpaka atchule kuti maselo sakugawika nthawi imodzi onse. Muonanso kuti mitotic index (gawo la maselo amene ali pa mitosis) ya magulu ena ndi yokwera modabwitsa. Chifukwa chake amasankha malo okongola okhala ndi anaphase yambiri. Pamenepo ndi pophunzitsira kusankha malo mosakondera: asunthe silaidi asakuyang'ana, awerenge pamene yaima.

Chojambula
Funso la m'mbali: kodi tikuwakakamizirabe chiyani kujambula ndi pensulo? Foni pa eyepiece imatenga chithunzi chabwino, pulogalamu ya ImageJ ndi yaulere, akhoza kuyeza ndi kuika scale bar.

Lenzi100
Achite zonse ziwiri. Chithunzi ndi umboni, chojambula chimakuuzani zimene wophunzira waona. Wina amatenga chithunzi cha thovu la mpweya n'kulemba kuti selo. Pa ImageJ, ajambule kaye stage micrometer ndi foni yomweyo, lenzi yomweyo, osasintha zoom, apo ayi scale bar ndi yabodza.

Tekinishani_wa_Labu
Poti tili pa malenzi: kumalo achinyontho nkhungu imamera mkati mwa lenzi ndipo ikadya galasi sizibwerera. Musasunge maikulosikopu m'mapepala a pulasitiki otseka. Kabati youma, silica gel woumitsidwa kawirikawiri, ndipo lenzi ipukutidwe ndi pepala lake la malenzi, osati tishu wamba kapena malaya.

Kachere_Bio
Tamva akulu, koma tibwerere ku membrane ndi kayendedwe ka mapuloteni. Pamenepo ndi pamene ambiri amagwera.

Madzi_ndi_Mchere
Pa membrane palibe labu yoposa ya maselo ofiira. Machubu anayi, lililonse 5 mL: madzi oyera (distilled water) opanda mchere, 0.15 M NaCl, 0.3 M sucrose, ndi 0.3 M urea. Asanathire magazi, aliyense alembe zimene akuyembekeza. Ambiri amalemba kuti atatu omalizawo afanana, chifukwa onse ali pafupi ndi 300 mOsm. Thirani dontho limodzi la magazi, gwedezani, ikani pepala lolembedwa kumbuyo kwa chubu. Mu NaCl ndi sucrose madzi amakhala a mbuu, zilembo siziwerengeka. M'madzi wamba ndi mu urea amayera n'kukhala ofiira oonekera, maselo aphulika. Urea imadutsa membrane ya selo lofiira msanga, imalowa, madzi n'kuitsatira. Apa ndi pamene osmolarity ndi tonicity zimalekana m'mutu mwa wophunzira, ndipo saiwalanso.

Mukafuna kuonjezera, pangani mndandanda wa NaCl kuchokera 0.9% kutsika mpaka 0.1%. Kuphulika kumayamba cha pa 0.5% ndipo kumatha cha pa 0.3%.

Chitetezo_Patsogolo
Magazi akhale a nyama, othiridwa mankhwala oletsa kuundana, ochokera kwa ogulitsa zipangizo za labu. Ophunzira asadzibaye zala. Magolovesi, ndipo machubu onse alowe mu bleach akamaliza. Magaziwo asungidwe pa madigiri 4, osawaumitsa mu firiza, chifukwa akauma maselo amaphulika onse labu isanayambe.

Madzi_ndi_Mchere
Zoona. Chinanso, mabuku ena a labu amaika 0.3 M glycerol. Maselo a nkhosa ndi ng'ombe amalowetsa glycerol pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi a munthu, ndiye yesani nokha dzulo lake musanalonjeze ophunzira nthawi.

Nsanjika
Kumene magazi ndi ovuta kupeza, beetroot amagwira ntchito pa funso lina: kutentha kumaononga membrane pa madigiri angati. Tizidutswa tofanana, titsukidwe mpaka madzi atayera, kenako m'madzi a madigiri 20, 30, mpaka 70, muyeze kufiira kwake pa colorimeter cha pa 530 nm. Osatsuka mokwanira, machubu onse amafiira ndipo graph siionetsa kanthu.

Pulse_Chase
A Kachere_Bio, funso lanu la puloteni yopindika molakwika yankho lake lili m'kaphunzitsidwe. Tikaphunzitsa chiwalo chimodzichimodzi, lero ER, mawa Golgi, wophunzira amasunga mayina. Phunzitsani ulendo wa puloteni imodzi, ndipo poima paliponse muwapatse umboni umene unatidziwitsa.

Yambani ndi ntchito ya Jamieson ndi Palade ya m'ma 1960 pa kapamba wa mbira. Anapatsa tizidutswa ta kapamba leucine wa radioactive kwa mphindi 3, kenako leucine wamba. Chizindikirocho chinaoneka poyamba pa rough ER, patapita mphindi zochepa pa Golgi, ndipo patapita maola pafupifupi awiri chinali mu zymogen granules. Apatseni graph yopanda mayina, alembe okha mzere wa ER ndi wa Golgi. Kenako signal hypothesis ya Blobel, amene analandira nayo Nobel mu 1999. Kuchokera apo ndi mafunso a "nanga tikachotsa": tikachotsa signal peptide puloteni ikhala kuti? Tikamata KDEL, chizindikiro chobwezera puloteni ku ER, kumapeto kwa puloteni yotuluka kunja? Nanga enzyme ya lysosome ikapanda mannose-6-phosphate? Lachitatuli ndi matenda enieni, I-cell disease, momwe ma enzyme amatayikira kunja kwa selo. Funso lanu lija mulimange pa cystic fibrosis: puloteni ya CFTR yosowa phenylalanine pa malo 508 imagwidwa mu ER, imabwezedwa ku cytosol, imamatidwa ubiquitin, n'kuphwanyidwa mu proteasome. Siifika n'komwe pa membrane.

Silabasi_Yadzaza
Zokoma kumva, koma masabata ndi 13. Mbiri yonseyi ilowa pati? Hooke 1665, Schleiden 1838, Schwann 1839, Virchow 1855, ophunzira amaloweza zaka n'kulephera Na/K pump. Ine ndikuti mbiri ichoke.

Pulse_Chase
Mndandanda wa zaka uchoke, ndikuvomera. Koma experiment si mbiri, ndi chida choganizira. Frye ndi Edidin mu 1970 analumikiza selo la mbewa ndi la munthu, mapuloteni a pa membrane anasakanikirana patapita mphindi 40 pa madigiri 37. Funsani kalasi: nanga pa kuzizira zikanatani? Mphindi khumi zokha, ndipo fluid mosaic ya Singer ndi Nicolson ya 1972 yasanduka chinthu choyesedwa osati chithunzi.

Silabasi_Yadzaza
Ndiye tichotse chiyani? Munthu anene poyera.

Mlozo_nm
Chotsani masitepe a glycolysis ndi Krebs, ali kale mu biochemistry. Siyani chemiosmosis ya Mitchell yokha, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya membrane. Pa signalling sankhani njira ziwiri, GPCR ya cAMP ndi receptor tyrosine kinase ya Ras, muzizame. Njira zisanu ndi ziwiri zongodutsamo sizisiya kanthu.

Mafuta_a_Selo
Ndipo pa ATP lekani kulemba 38. Mabuku atsopano amati 30 mpaka 32 pa glucose imodzi, potengera ATP 2.5 pa NADH ndi 1.5 pa FADH2. Funsaninso kalasi ngati zomera zili ndi mitochondria. Mudabwa manja amene akwere kunena kuti ayi, zili ndi chloroplast m'malo mwake.

Rotor_10cm
Funso limenelo limayankhidwa mu labu ngati muli ndi centrifuge yofika 12,000 g. Kolifulawa, mbali yoyera ya pamwamba, magalamu 20, sinjani mu mtondo wozizira ndi buffer ya 0.3 M mannitol pa pH 7.2 ndi mchenga woyera pang'ono. Sefani pa nsalu. Zungulitsani pa 600 g mphindi 10, zotsalira pansi ndi ma nyukiliyasi ndi zinyalala. Madzi a pamwamba azungulire pa 12,000 g mphindi 30, pansi pamatsala mitochondria. Umboni wake ndi succinate dehydrogenase: thirani succinate ndi utoto wa DCPIP, mtundu wake wa buluu umazilala, muyeze pa 600 nm mphindi 5 zilizonse. Chubu chimodzi chikhale ndi malonate, amene amatsekereza enzyme imeneyi, china chophitsidwa, china chopanda succinate.

Zolakwika ndi ziwiri. Choyamba kutentha: chilichonse chikhale pa madzi oundana kuyambira posinja. Chachiwiri kusokoneza rpm ndi g. Njira yopezera g ndi 1.118 × 10⁻⁵ kuchulukitsa ndi radius ya rotor mu masentimita, kuchulukitsa ndi rpm². Rotor ya 10 cm pa 3,000 rpm ndi pafupifupi 1,000 g, osati 3,000. Machubu ayezedwe pa sikelo kuti alemere mofanana, osangoyerekeza ndi maso.

Chitetezo_Patsogolo
Malangizo ambiri a labu imeneyi amathira sodium azide kuti ma electron apite ku DCPIP. Ndi poizoni woopsa. Athire ndi wothandizira mphunzitsi yekha, ndipo zotsala zisalowe mu sinki.

Nsanjika
Amene alibe centrifuge yamphamvu asataye mtima. Yisiti ndi haemocytometer, silaidi ya mizere yowerengera maselo, zimaphunzitsa zambiri. Bwalo la pakona ndi 1 mm kwa 1 mm, kuya 0.1 mm, ndiye avareji ya maselo kuchulukitsa ndi dilution kuchulukitsa ndi 10,000 ndiwo maselo mu mililita imodzi. Methylene blue amadetsa akufa, amoyo amakhala oyera. Selo lokhudza mzere wa pamwamba kapena wa kumanzere liwerengedwe, la pansi ndi kumanja ayi. Ambiri amaiwala kuti utoto womwewo wasungunula sampulo.

Kachere_Bio
Nanga mayeso? Ophunzira 100, olemba malikisi awiri.

Funso_Labwino
Zimene mumafunsa pa mayeso ndi zimene amawerenga. Mukafunsa "tchulani ntchito zitatu za Golgi" aloweza, ngakhale mutaphunzitsa bwino motani. Mafunso osankha yankho akhoza kuyesa kuganiza ngati mayankho olakwika achokera ku zolakwika zenizeni. Chitsanzo: selo la munthu pa G2 lili ndi ma chromosome angati? Ikani 23, 46, 92. Ambiri amasankha 92. Yankho ndi 46, ma chromatid ndiwo 92. China: potassium mkati 140 mM, kunja 5 mM, pa madigiri 37 Nernst imapereka pafupifupi −89 mV. Potassium wa kunja akakwera kufika 10 mM, membrane ipita mbali iti? Osafuna calculator, angoganiza.

M'kalasi chitani zimene Eric Mazur amatcha peer instruction. Funso pa bolodi, aliyense avote yekha ndi khadi la A, B, C kapena D, akambirane ndi woyandikana naye mphindi ziwiri, avotenso, inu mufotokoze pomaliza. Kafukufuku wa Freeman ndi anzake wa 2014, amene anaphatikiza maphunziro 225, anapeza kuti olephera anali pafupifupi 34% m'makalasi ongomvera ndi 22% m'makalasi ochita nawo.

Silabasi_Yadzaza
Funso limodzi loterolo limadya mphindi 8. Atatu pa ola, pafupifupi theka la phunziro lapita.

Funso_Labwino
Ndi zoona, n'chifukwa chake awiri akwana. Mukaona kuti pa voti yoyamba pafupifupi onse akhoza, musakambiranitse, pitirirani. Akakhoza ochepa kwambiri, kukambirana sikuthandizanso, fotokozaninso kaye. Kumapindula pamene kalasi yagawikana.

Mafuta_a_Selo
Pa funso la Nernst lija onjezani ili: kodi ndi Na/K pump imene imapanga resting potential mwachindunji? Ambiri amati inde, chifukwa imatulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri. Mbali yake yachindunji ndi mamilivoti ochepa. Chachikulu ndi potassium wotuluka kudzera m'ma leak channel, pump imangosunga kusiyana kwa concentration. Afunseni chimachitika n'chiyani masekondi oyamba mukathira ouabain, mankhwala oimitsa pump imeneyi, ndiponso patapita ola.

Kachere_Bio
A Mizu_ya_Anyezi, ndibwerere kwa inu. Ndikufuna labu ya mitosis ikhale ndi gulu loyerekezera. Colchicine, mankhwala olepheretsa spindle kupangika, ndi wotheka?

Mizu_ya_Anyezi
Ndi wotheka: mizu yamoyo ikhale mu 0.05% colchicine maola 3 kapena 4 musanaiike mu fixative. Maselo amaunjikana pa metaphase, anaphase imasowa, ma chromosome amafupika n'kumwazikana, moti pa silaidi yabwino mukhoza kuwerenga onse 16 a anyezi. Koma ndi poizoni, ndiye gawo limenelo achite ogwira ntchito mu labu, ophunzira alandire mizu yotsukidwa kale ili mu ethanol. Muike m'mabotolo olembedwa A ndi B okha, iwo apeze kuti yothiridwa mankhwala ndi iti, ndipo afotokoze kuchokera ku spindle chifukwa chake.

Chitetezo_Patsogolo
Ngati colchicine palibe, ikani mizu m'madzi oundana osungunuka, madigiri 0 mpaka 4, kwa maola 24. Kuzizira nako kumaphwasula microtubule. Mizu ya gulu loyerekezera idulidwe pa anyezi yemweyo, ola lomwelo.